Mmene Ng'oma ya M'chigafa Inalowera mu Laputopu

Abusa, akuluampingo, amayi a kwaya, abale ndi alongo nonse, landirani moni waulemu m'dzina la Ambuye. Ine ndine Ganizani Mwale wa konkuno ku Lukwa. Cholinga cha kuima kwanga pano ndi kukudziwitsani za dzanja langa ndi za ng'oma.

Choyamba, ndifotokoze mmene zinthu zinalili. Ndinakulira pa esiteti ya fodya ku Simlemba, makolo anga ali matenanti. Nyengo yosankha fodya, m'chigafa munkadzaza anthu: a ku Mulanje, a ku Dedza, ndi amayi olankhula Chitumbuka. Tinkaimba, abale. Tinkaimba! Ng'oma munalibe. Mayi wina ankamenya ndindi ya fodya pantchafu kuti fumbi lichoke, mnzake n'kuyankha ndi yake, nyimbo n'kuyenda yokha. Fumbi m'mphuno, nyimbo m'kamwa. Masiku amenewo sadzabweranso. Esiteti inatsekedwa, matenanti anabwerera kwawo, ambiri anatisiya.

Kamenyedwe ka m'chigafa kaja ndinakasamutsira pa ng'oma, ndipo ndi kamene ndinatumikira nako kwaya ino zaka zambiri. Akuluakulu muli muno ndinu mboni.

Chachiwiri, za vuto. M'mawa wina ndikuthirira nazale, chitini chinagwa chokha. Dzanja lamanja linangoti lende. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mwendo, umene unafookanso, unabwerera pang'onopang'ono, koma dzanja silinabwerere.

Kwaya inapeza kiyibodi yokhala ndi ng'oma zake m'kati. Sindikudandaula munthu aliyense. Koma nyimbo za m'chigafa zinakana kulowa mu ng'oma za kiyibodizo, ndipo zinasiyidwa imodzi imodzi. Ndinaona poyera kuti tsiku londiika m'manda, adzaika ndi nyimbozo. Ndinaleka kubwera kutchalitchi. Ng'oma yanga inagona pakhonde mpaka nkhuku inaikiramo mazira. Ndinkaiona nkhukuyo, abale, osaipirikitsa. Osaipirikitsa!

Mwana wanga Tiyamike, amene ndi mphunzitsi, anandisiyira laputopu yake yakale. Anati, "Ababa, anzanu akuimbira ng'oma pa kompyuta. Inu mwangokhala ngati mlonda wa nkhuku." Mawuwo anandipweteka, koma ndinayamba kufufuza. Pulogalamu yoyamba imene anandiikira inali ndi mawindo ndi mabatani osawerengeka, ndipo laputopu inkauma ikangotsegulidwa. Ina inkafuna intaneti nthawi zonse, pamene kwathu netiweki timaipezera pa chulu. Ndinatsala pang'ono kubweza katundu wa eni.

Potsiriza ndinakwera kabaza mpaka ku Boma, kwa aChisale, bambo amene amaikira anthu nyimbo m'mafoni. Ndinafotokoza nkhani yanga mwadongosolo.

"Madala, ndiye mukufuna situdiyo yonse?" anafunsa aChisale.

"Ayi, bambo. Pempho langa ndi ng'oma yoti ndikaiuza kamodzi, izibwereza yokha osatopa, osandifunsa mafunso."

Anaseka mpaka kugwira tebulo. "Mukunena guluvubokosi! Kabokosi ka ng'oma. Kaliponso ka mu laputopu. Bwanji osanena kale?"

"Dzinalo ndikanalimvera kuti? Ku nazale?"

Anandiikira kapulogalamu kopepuka, kosafuna intaneti. Ndinayang'anitsitsa. Inali mizere ya timabokosi, wina pamwamba pa unzake, monga mikangala imene timayanikapo fodya m'chigafa. Mzere uwu ng'oma yaikulu, uwu yaing'ono. Apa ikapo, apa siya mpata, monga posoka masamba. Kakuwala kankayenda mpaka kumapeto n'kubwerera kokha. Chala chimodzi chinakwana. Aleluya!

Koma nkhani sinathere pamenepo. Nditakonza kamenyedwe kathu, ndinaitana NyaGondwe, amene ankasankha fodya m'chigafa chimodzi ndi malemu mayi anga. Anakhala pamkeka, namvetsera, napukusa mutu.

"Yayi, aMwale. Iyi ndi ng'oma ya asilikali pa perete."

"Amama, zonse zili m'malo mwake. Makina salakwa."

"Salakwa, inde. Koma fodya winayo mwamutola nthawi yanji?"

Abale ndi alongo, mvetsani bwino mfundo iyi. M'chigafa, dzanja likamenya linkapita kukatola fodya wina, ndiye kumenya kotsatira kunkafika mochedwa pang'ono. Kuchedwako ndi kumene amayi ankapumira, ndi kumene mawu a nyimbo ankaloweramo. Manja anga ankadziwa zimenezi zaka zonse, koma mutu wanga sunkadziwa. Makina sankatola fodya.

Ndinafufuza mpaka ndinapeza kabatani kosunthira. Ndinakankhira kumenya kwachiwiri m'mbuyo pang'ono. NyaGondwe anati, "Onjezani." Ndinaonjezera. Anati, "Mwapitirira, mukufuna tigone?" Ndinabweza. Kenako dzanja lawo linayamba lokha kumenya pantchafu, opanda fodya. Anaimba nyimbo imene mayi anga ankaikonda. Ine, munthu wamkulu wandevu, ndinalira pamaso pa mayi a kunyumba kwanga amene anabwera kudzamvera, ndipo sindinachite manyazi.

Chomaliza, za mmene ndilili lero. Dzanja silinachire, ndikunena izi kuti pasakhale wonena kuti ndinanama pa guwa. Kumunda ndimayang'anira chabe. Laputopu ndimaitchaja pa sola ya aneba. Lachinayi masana NyaGondwe amabwera ndi amayi a kwaya, timakumbutsana nyimbo, ine n'kumasunga kamenyedwe kake. Zina tinaiwala mawu ake, ndipo zimenezo zapita. Zotsalazo sizipitanso.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandisiye pakhonde. Ndikuthokoza Tiyamike chifukwa cha mawu ake owawa, aChisale chifukwa cha kuseka kwawo, ndi inu nonse chifukwa cha kundisungira malo.

Tsopano, mwa chilolezo cha abusa, sipika yalumikizidwa kale ku laputopu. Amayi a kwaya, imirirani. NyaGondwe, yambitsani, ndipo musafulumire.