Dzina Lopinda Lilime

Basi itachedwa pasiteji, mayi wina wonyamula dengu anayamba kudandaulira bambo wachipewa amene anakhala naye pabenchi.

"Mwana wanga wamkazi ali kumgodi wa laimu. Ndiye amalankhula ndi ogula akunja pafoni."

"Si mwayi umenewo, mayi?"

"Mwayi wa chiyani? Abwana ake amusintha dzina! Ati lakelo likuwapinda lilime makasitomala."

"Aa, bola ntchito ikuyenda."

"Inu bambo, dzina limenelo ndi la malemu mayi anga! Anthu amatha kunenerera mtengo wa laimu mpaka thukuta, koma kadzina kokha kawakanika?"

"Nanga mwiniwake akuti bwanji?"

"Akuti ndizolowere. Ndizolowere chiyani? Dzulo foni yake inazima, ndiye ndinaimba kuofesi kwawo, n'kumutchula dzina lomwe ndinamupatsa ine. Akuti, 'Pepani amayi, kuno kulibe munthu ameneyo.'"