Magazi a m'kamwa mwanga ndi kuwala kofiira

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mukuwerengera mawu anowa. Ndine Esinati, wa ku Penhalonga kuno ku Mutare. Ndikufuna ndikuuzeni za matenda a chiseyeye amene anandisandutsa mfiti m'maso mwa anthu, mpaka inenso ndinayamba kudziopa, ndi mmene Mulungu anandipulumutsira.

Makolo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo ine ndinabadwira pa famu, ndinakwatiwanso pomwepo. Famuyo itatengedwa nthawi yogawa minda ija, tinasamukira ku Penhalonga kumene mchemwali wa amuna anga, amake Tendai, ankakhala. Amuna anga atamwalira, ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita kwa Mai Makoni ku Yeovil, ndipo ndinkakwera kombi m'mawa uliwonse.

Matendawa anayamba ngati masewera. Ndikatsuka mano, mswachi unkafiira. Kenako ndinayamba kudzuka pilo atathimbirira, magazi ataumira pamilomo, m'kamwa mukumveka ngati ndimayamwa chitsulo. Nkhama zinatupa n'kuyamba kutuluka mafinya, ndipo fungo lake linali ngati la khoswe wofera kudenga. Chimene chinandiopsa kwambiri n'choti mano anayamba kutalika. Ndikayang'ana pagalasi ndinkaona mano aatali, otalikirana, ogwedera, ngati si anga. Ndinayesa madzi amchere, ndinayesa makungwa amene amagulitsa ku musika, koma palibe chinasintha. Ndinangophunzira kulankhula nditaphimba pakamwa.

Chaka chomwecho Tendai, mwana wa mlamu wangayo, anamwalira. Ankakumba golide ndi anzake m'phiri, dzenje linawagumukira, iye yekha sanatuluke. Pamaliro amayi tonse tinagona pansi m'nyumba ya siwa. Kutacha, nditatsegula maso, ndinapeza mlamu wanga atakhala tsonga akundiyang'ana. Chitenje chimene ndinatsamira chinali chofiira, magazi atayenderera mpaka pachibwano. Anayang'ana pakamwa panga, anayang'ana bokosi la mwana wake, n'kudzuka kutuluka panja.

Sabata isanathe, komboni yonse imene tinkakhalamo inali itamva kuti Esinati amadzuka ndi magazi kukamwa, ndipo mano ake akukula. Anzathu a Chishona ankanong'ona kuti muroyi, athu ankati mfiti yodya anthu. Ana ankathawa ndikamadutsa. Tsiku lina ndinapeza mchere utawazidwa pakhomo panga mozungulira nyumba yonse. Kutchalitchi, pa Mgonero wa Ambuye, nditamwa n'kupereka chikho, mayi amene anakhala pambali panga anapinda manja n'kuyang'ana pansi. Chikhocho chinabwerera kutsogolo mzere wathu wonse osachikhudza.

Abale, munthu akauzidwa chinthu ndi anthu onse, amayamba kuchikhulupirira. Ndinayamba kudzifunsa kuti mwina ndimatulukadi ndili m'tulo, ine osadziwa. Ndikadzuka ndinkayang'ana kumapazi kuona ngati kuli dothi la kumanda. Ndinafika pomanga mwendo wanga ndi chingwe ku mwendo wa bedi. M'mawa chingwecho ndinkachipeza chili chimangire, mfundo yake yomweyo, koma magazi ali pa pilo. Ndiye ndinkati kapena thupi limatsala, chimene chimatuluka n'china. Ndinasiya kupita kutchalitchi, ndinasiya kunyamula ana a anthu, ndinkachita mantha ngakhale kupereka moni kwa wodwala.

Tsiku lina masana ndikusita kuntchito, ndinagwada pafupi ndi thebulo n'kupemphera mokweza. Ndinati, Ambuye, ngati ndilidi chimene akunenacho, nditengeni lero lomwe ndisanapweteke wina. Ngati sindili, ndionetseni chimene chikudya m'kamwa mwangamu. Nditadzuka, dontho la magazi linagwera pa malaya oyera amene ndinkasita. Ndikulimbana ndi kulipukuta, panalowa Rudo, mwana wamkazi wa Mai Makoni, amene anali atangobwera kumene kuchokera kunja. Ndinkadziwa kuti ndi dokotala, koma sindinkadziwa kuti ndi wa mano.

Anayang'ana malayawo, n'kuyang'ana ine. "Shamai muromo, amai," anatero, kundiuza kuti ndiyasamule. Ndinakana chifukwa cha fungo, koma iye anandigwira chibwano ndi manja ake, dzanja loyamba kundikhudza chichitikire maliro aja. Anati awa ndi matenda a nkhama amene afika patali, ndipo amawaona kawirikawiri. Ndinamufunsa za mano otalikawo. Anati mano sakukula ayi, ndi nkhama zikubwerera m'mbuyo n'kusiya mizu poyera. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira ngati kamwana.

Anandiitanira kuchipinda chake chogwirira ntchito m'tauni, ndipo za malipiro sanafune n'kumva komwe. Anayamba wapala zoyanga zolimba ngati miyala zimene zinamatirira kumizu ya mano, ndipo mano ena apansi amene anali atatheratu anawazula. Ananditumanso kukayezetsa magazi, kumene anandipeza ndi shuga, amene ankakolezera matendawa ine osadziwa.

Ulendo wotsatira ndi umene sindidzauiwala. Anathira mankhwala abuluu m'mipata ya pakati pa mano ndi nkhama. Nditadziona pa kagalasi kake, m'kamwa monse munali bii, milomo ngati ya munthu womira m'madzi. Anandiveka magalasi akuda, nayenso n'kuvala ake, mpaka maso ake osaonekanso. Kenako anatenga kachitsulo kowonda ngati udzu, kunsonga kwake kukuyaka kuwala kofiira ngati khala. M'chipindamo munali zii, kumangomveka kamakina kakulira pang'onopang'ono ngati nkhululu. Maganizo oipa anandiuza kuti kuwalaku kuonetsa chimene ndili, dokotalayu athawa. Ndinagwira mpando mwamphamvu.

"Musatye, amai," anatero, kundiletsa mantha. Anandifotokozera kuti m'mipatamo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo utoto wabuluuwo umatikakamira. Kuwala kukaugunda utotowo, umalusa n'kupha tizilomboto momwe tabisalamo. Analowetsa kansongako dzino ndi dzino. Ndinkayembekeza kupsa, koma sikanatenthe, sikanapweteke. Ndinkangoona kufiira kukuyenda m'masaya mwanga kudzera pansi pa magalasi, ndipo ndinkanena chamumtima kuti Ambuye, lowani paliponse pamene pali mdima, musasiye malo.

Anandichenjeza kuti kuwalako pakokha sikuchiza munthu wosatsuka mano bwino kapena wotayirira shuga. Ndinamvera zonse, ndipo ndinabwererako monga anandiuzira. Pang'ono ndi pang'ono kutupa kunaphwa, fungo linatha, mano otsalawo analimba. M'mawa wina ndinadzuka pakamwa pali pouma bwinobwino. Ndinagwada pomwepo n'kuthokoza Mulungu.

Mlamu wanga sanapepese ndi pakamwa, ndipo sindimuimba mlandu, poti mtima wa mayi woferedwa umafunafuna pogwira. Ndinapita ndekha kukamuyasamulira kuti aone nkhama zanga. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndadya. Ena mpaka pano amapatuka akandiona, amenewo ndawasiya m'manja mwa Mulungu.

Koma tamvani izi. Nditabwerera kutchalitchi n'kupereka umboni umenewu, mtsikana wina wongokwatiwa kumene ananditsatira panjira, akulankhula chozolika. Anati nayenso wakhala akudzuka ndi magazi chitengere pakati, ndipo amachapa pilo mobisa apongozi ake asanadzuke, poopa kuti zimene zinandichitikira ine zingamugwere. Lolemba lake ndinamugwira dzanja, tinakwera kombi limodzi kupita kwa Rudo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anayankha pemphero langa ndisanazimitse n'komwe ayironi, ndipo adalitse manja a Rudo. Inu amene mukubisa matenda poopa pakamwa pa anthu, musaleke kupemphera, komanso musakhale m'nyumba. Pitani akakuoneni. Chimene chikukudyanicho chili ndi dzina lake kuchipatala, ndipo dzinalo si limene anthu akupatsani. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.