Mayeso Ali pa Zingwe za Nsapato

Pa siteji ya minibasi ku Kawale, bambo wina wachikulire anawerama n'kumamanga zingwe za nsapato, mfundo pamwamba pa mfundo. Mayi amene anaima pambali pake analephera kupirira.

"Abambo, kutentha konseku, nsapato mukuimanga ngati thumba la makala?"

"Ndikupita kuchipatala, amayi. Lero ndi tsiku lathu odwala shuga. Kumeneko kuli madokotala amene anabwerera kukaphunzira zosamalira banja lonse, kuyambira khanda mpaka nkhalamba. Kale ankabwera awiri okha, pano achuluka."

"Si zabwino zimenezo? Mzere uziyenda msanga."

"Ukuyendadi. Koma wa shuga amafunika kumuona mapazi, chifukwa chilonda chimayamba mwiniwake osamva. Achimwene anga anadulidwa mwendo choncho. Dokotala wothamanga amangolemba mankhwala, nsapato osaikhudza."

"Nanga mphunzitsi wawo angawayang'anire onsewo?"

"Sangakhale m'chipinda chilichonse, koma mfundo yangayi amaidziwa. Ndikatuluka amangoyang'ana pansi. Akaipeza ili mmene ndinaimangira, amandibweza kwa wophunzirayo kuti tikayambirenso."

"Anayamba wakubwezanipo?"

"Mwezi watha. Dokotala wake, mtsikana ndithu, anagwada, anamasula, n'kupeza kachilonda pakati pa zala. Kanapola tsopano. Masiku ano akandiona amayamba ndi mapazi, moni pambuyo."

"Bwanji osangovala patapata, ana a eni asavutike?"

"Amayi, amenewa mawa adzakhala okha m'zipatala za kumudzi, popanda wowabweza. Mukufuna ndiwaululire mayeso?"