Chitsulo Chimene Chinagwetsa Amuna Anga

Moni ana anga mwa Ambuye, a kuno ku Chinsapo ndi inu akutali. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, koma mundilole ndiyimbe, ndiyimbe ndithu, chifukwa amuna anga aPhiri, amene sitiroko inawagoneka pamphasa, lero akuyenda.

Mdzukulu wathu Tadala amawotcherera zitsulo ku Biwi. Ataona kuti agogo ake ayamba kudzuka, anawapangira choyendera cha miyendo inayi, chogwira ndi manja onse awiri, n'kuchipenta bwinobwino. Koma tsiku lina akupita kubafa, mwendo umodzi wa choyenderacho unang'ambika, aPhiri n'kugwa pakhonde. Fupa silinathyoke ayi, unathyoka ndi mtima. Anati, "Mayi, ine basi, ndisiyeni ndigone." Tadala naye analeka kubwera, ati wapweteka agogo ake ndi ntchito yosalongosoka. Ndinapemphera potsuka mbale, ndinapemphera posesa, mpaka mawu anandithera.

Yankho linadzera pampanda. Aneba athu aMakwinja, amene timangokhalira kukangana nawo za madzi a kubafa, anaona chitsulo chija nditachitaya kuseri. Iwowa pa unyamata wawo anagwirako ntchito ku Joni, kosungunula zitsulo. Anachitembenuza, nachisuzumira m'kati, nati, "Amayi, muyitaneni mwana uja. Pomwe anawotcherera mpolimba ngati mutu wanuwu. Chitsulochi chinabadwa chodwala. Pochisungunula munatsalira zinyalala, ndiye pochipsinja kuti chipyapyale zinangoyalana m'katimu ngati makoko a anyezi. Kunja kusalala, m'kati mng'alu."

Tadala atamva, analira atandikumbatira. M'mawa mwake tinapita tonse kogula zitsulo. AMakwinja ankanyamula chimodzichimodzi n'kuchigogoda ndi sipanala. Chabwino chinkalira ngwee, chodwala chinkangoti phu.

Ndinati, "Si mmene timasankhira mbiya pamsika?"

Iwo anati, "Nanga mumayesa ku Joni tinkachita matsenga?"

Choyendera chatsopano chinafika, koma aPhiri anatembenukira kukhoma, osafuna n'kuchiona komwe. Tadala anachonderera, "Agogo, tangogwirani," iwo n'kudzifunditsa bulangete kumutu. Pamenepo ndinamanga chitenje, ndinagwira choyendera chija, n'kulendewera ndi thupi langa lonseli, miyendo m'mwamba, ine nkhalamba ya mvano. Tadala anakuwa kuti nditsike. AMakwinja pawindo anachita kukhosomola ndi phwete.

APhiri anacheuka. Anandiyang'ana, n'kuseka, kuseka kumene ndinali nditakuiwala. Anati, "Ngati chapirira inu, mayi, ine ndi nthenga chabe. Bweretsa kuno, Tadala."

Anagwira. Anaimirira. Anayenda mpaka pakhomo, dzuwa n'kuwawomba kumaso.

Zikomo Yesu, zikomo Mbuye wanga. Inu amene muli ndi wodwala wotaya mtima, musatope kumupempherera, ndipo ngati kuli kofunika kuchita manyazi kuti aseke, chitani. Mulungu sanatiiwale. Tsopano aPhiri andivuta ndi kuyendayenda, tiyi amazizira ndikuwafunafuna mumsewu.