Dzina Lolembedwa ndi Pensulo

Malemu Abambo Nicodemus Mvula anabadwa pa 9 Juni 1934 ku Katete, m'mudzi wa m'tsinde mwa phiri la Mphangwe. Anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka Sitandade 6, ndipo mu 1956 analowa upolisi ku Lilayi. Mu 1960 anamanga banja ndi Amayi Winifred, atawalonjeza kuti ku Lusaka kuno angokhalako zaka zowerengeka. Anamfedwa, zakazo mwaziwerenga nokha.

Ufulu utabwera mu 1964, malemu anapatsidwa tebulo ku likulu la polisi. Ntchito yawo inali yogawa apolisi m'masiteshoni: uyu apite ku Mongu, uyu ku Mansa. Mayina ankayamba alemba ndi pensulo, n'kugona nawo masiku atatu, kenako n'kutsindika ndi inki. Lamulo lawo linali limodzi: wapolisi asagwire ntchito kwawo, chifukwa munthu sangamange amalume ake. Ena muli pano munawadandaulira mpaka misozi, koma pensuloyo sinkamva.

Chonsecho mtima wawo unali ku Katete. Akaweruka, ankakhala pansi pa mtengo wa mango ku Chelstone, n'kumayang'ana mabasi olowera kummawa mpaka fumbi litatha. Ana ankauzidwa za nkhungu ya pa Mphangwe, za fungo la mvula yoyamba m'munda wa mtedza, ndi za nyumba ya khonde lalitali imene inali isanaumbiridwe ngakhale njerwa imodzi. Ankaifotokoza bwino moti ana ankadziwa mbali imene chitseko chake chinayang'ana.

Mu 1975 malo anapezeka pa siteshoni ya Katete, ndipo akulu awo, a Kampamba, anawauza kuti adzilembe okha. Anadzilembadi, ndi pensulo. Amayi anamanga katundu, anatsanzika ndi kuchigwirizano komwe. Tsiku lachitatu malemu anafufuta dzinalo n'kulemba la Konsitabulo Bwembya wa ku Kasama, poti sakanatha kuyang'ana m'maso anthu onse amene anawakaniza kwawo. Amayi anamasula mitolo. Ife abale tinakwiya, tisaname, lero tikuwanyadira.

Anayenera kupuma pa ntchito mu Disembala chaka chino cha 1989. Mu Ogasiti anayamba kudwala chifuwa, ndipo anatisiya pa 17 Okutobala.

Asiya Amayi Winifred, ana anayi, Reuben, Emmy, Matthew ndi Rhoda, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza abusa, amayi achigwirizano, anansi a ku Chelstone, ndi apolisi amene atibwereka lole.

Dzulo anzawo a ku ofesi anabweretsa pepala limene analipeza m'dirowa yawo, lija la mu 1975, dzina lofufutidwa likuonekabe pang'ono. A Kampamba, ngakhale anapuma kale, analibwereza ndi inki n'kusaina. Amayi, mangani katundu. Ulendo uno palibe wofufuta. Lole ikadutsa pa mtengo wa mango paja, ikhotera kummawa.

Abambo Mvula, pitani kwanu, mukause mu mtendere.