Mlimi Wothamangira Sitima

Pamzere wa ku positi ofesi m'tauni yathu ya ku Saskatchewan, mayi wina anayamba kucheza ndi bambo wachikulire wosamudziwa za filimu yachikondi ya makedzana yomwe inaonetsedwa pa TV dzulo lake.

"Bodza lokhalokha, bambo! Mtsikana kukama ng'ombe atavala diresi loyera mbee? Ndowe zinapita kutchuthi?"

"Komatu anali wokongola, mayi."

"Nanga mlimi uja? Tirigu wacha, mitambo ya matalala yada bii, iye n'kusiya munda kuthamangira chibwenzi kusiteshoni! Chitsiru chotere chinabadwapo kuno?"

"Chinabadwapo. Ine ndinachita zomwezo ndili mnyamata."

"Aa! Ndiye mtsikanayo anatsika sitima ngati mufilimumo?"

"Ayi, anangondibayibitsa pawindo. Pobwerera ndinapeza matalala atandikololera kale."