Wosapereka Moni Atuluke

Pabenchi ya pachipatala, mphunzitsi wina wopuma pantchito ankangoyang'anitsitsa foni yake. Mayi amene anakhala pambali pake analephera kupirira.

"Mukudikira uthenga, bambo?"

"Wa pagulu lathu la pafoni, mayi. Tinaliyambitsa aphunzitsi ochepa odziwana. Litakula, munadzaza anthu ongoponya zithunzi ngati pamsika. Ndinakhazikitsa lamulo lakuti wosapereka moni atuluke."

"Ndiye anamva?"

"Ndinawachotsa mmodzimmodzi. Ngakhale mnzanga wakalekale, atalemba za matenda a mkazi wake osayamba ndi moni, sindinamukondere."

"Iii, bambo inu! Mwatsalamo angati?"

"Tilipo. Gulu lili ndi mwambo tsopano."

"Nanga zoti muli kuchipatala kuno akudziwa?"

Mkuluyo anavula magalasi n'kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Ndawalembera m'mawa, mwaulemu wonse. Palibe amene wayankha."